Makaiti ndi Mwani pa Gombe la Paje

Kummawa kwa chilumba cha Unguja, chomwe ndi chachikulu mwa zilumba za Zanzibar, kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Paje. Kuchokera mu mzinda wa Zanzibar kukafika kumeneko pali mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo galimoto imayenda ngati ola limodzi, kudzera m'nkhalango ya Jozani momwe mumakhala apusi ofiira kumsana amene kwawo ndi pa zilumbazi basi. Kale mudziwu unkadziwika ndi nsomba, kokonati ndiponso zingwe zimene amayi ankapota kuchokera ku makoko a kokonatiyo. Masiku ano munthu wofika ku Paje m'miyezi ya mphepo amayamba waona kumwamba asanaone nyanja, pakuti thambo lonse la kugombe limakhala litadzaza ndi makaiti akuluakulu a mawanga osiyanasiyana, ndipo pansi pa kaiti iliyonse pamakhala munthu ataimirira pa kathabwa, akuthamanga pamwamba pa madzi. Azungu amatcha masewera amenewa kitesurfing.

Palibe mwana wa sukulu amene sadziwa kaiti. Amatenga timitengo tiwiri, pepala kapena pulasitiki, ndi ulusi wopempha kwa atelala, nathamanga pabwalo kufikira mphepo itainyamula. Koma pa masewera a ana, mwana ndiye agwira kaiti. Pa masewera a ku Paje kaiti ndiyo igwira munthu. Kukula kwake, ikatambasulidwa, kumafanana ndi kachipinda kogona, ndipo ikalandira mphepo yokwanira imatha kunyamula munthu wamkulu m'mwamba kupitirira denga la nyumba.

Chimene chakokera masewerawa ku Paje ndi mmene nyanja inakhalira pamenepo. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2 kuchokera pamchenga pali mpanda wautali wa miyala ya korali, yomangidwa pang'onopang'ono ndi tizilombo tating'ono ta m'madzi a mchere. Mafunde aakulu ochokera pakati pa nyanja ya Indian Ocean amasweka pa mpanda umenewu, mphamvu zawo n'kuthera pomwepo. Tsono pakati pa mpandawo ndi gombe pamatsala thamanda lalikulu la madzi odekha, ofunda chaka chonse, oyera kotero kuti mchenga wapansi umaoneka bwino lomwe. M'malo ambiri madziwo amalekeza m'chiuno. Kwa wophunzira chimenechi n'chamtengo wapatali, popeza iye amagwa kosawerengeka tsiku lililonse, ndipo kugwa pamalo oti ungaimirire, n'kupukuta m'maso, n'kumva zimene mphunzitsi akunena, n'kosiyana kutali ndi kugwa pamadzi akuya pamene mtima wonse uli pa kudzipulumutsa.

Chachiwiri ndi mphepo. Ku gombe la kummawa kwa Africa kumaomba mphepo ziwiri zosinthana chaka ndi chaka. Kuyambira mu Disembala kufika mu Marichi kumaomba kaskazi, yochokera kumpoto chakummawa. Ikatha mvula yaikulu imene Aswahili amati masika, kumabwera kusi, yochokera kumwera chakummawa, yozizirirapo ndiponso yamphamvupo, ndipo aphunzitsi a kaiti amaidalira kwambiri kuyambira mu Juni kufika mu Seputembala. Popeza gombe la Paje linapenya kummawa, mphepo zonse ziwirizi zimafika chopingasa, zikukankhira kumtunda. Munthu amene kaiti yake yagwa kapena yang'ambika, mphepo imam'bweza yokha ku mchenga. Pamalo pomwe mphepo imachokera kumtunda kulowera kunyanja, ngozi yomweyo imatha kum'tengera munthu kutali osaonekanso, ndipo mphunzitsi wanzeru salola wophunzira kulowa m'madzi pa tsiku lotero.

Mphepo zimenezi zinayamba kugwira ntchito kalekale makaiti asanabwere. Kwa zaka mazana ambiri kaskazi inkabweretsa zombo za matanga kuchokera ku Arabia, ku Persia ndi ku India, zitasenza nsalu, mikanda ndi zina, ndipo kusi inkazibweza kwawo zitanyamula minyanga ya njovu, mitengo yomangira, komanso anthu ogwidwa ukapolo. Ena mwa anthu amenewo anachokera m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ataoloka pa Nkhotakota, pamene Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika cha m'ma 1840. Ngakhale mawu oti ngalawa alipo m'zilankhulo zonse ziwiri, kungoti kwa Aswahili amatanthauza bwato lokhala ndi mitengo iwiri yochirikiza m'mbali. Nayo kusi si mlendo kwa asodzi a ku Malawi: ndi m'bale wake wa mwera, mphepo imene imavundula nyanja m'miyezi yomweyo ya chisanu.

Nzeru yokokedwa ndi kaiti nayonso si ya dzulo. Mphunzitsi wina wa ku Bristol ku Mangalande, George Pocock, anakonza ngolo yokokedwa ndi makaiti cha m'ma 1820, ndipo mu 1903 Samuel Cody anaoloka nyanja ya pakati pa France ndi Mangalande pa kabwato kokokedwa ndi kaiti. Vuto limene linatsala linali lakuti kaiti ikagwera m'madzi inkanyowa n'kumira, masewera n'kuthera pomwepo. Amene analithetsa ndi anyamata awiri a pachibale a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, omwe mu 1984 analembetsa ku boma kaiti yokhala ndi machubu opopa mpweya ngati a njinga. Kaiti yotere imayandama, ndipo munthu amatha kuidzutsanso pamadzi pongokoka chingwe chimodzi. Panapita zaka zoposa khumi makampani asanaikhulupirire. Mpikisano woyamba unachitika pa chilumba cha Maui ku Hawaii mu 1998, ndipo mu 2024 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympic, imene mbali yake ya pamadzi inachitikira ku Marseille. Mendulo za golide anatenga ndi Ellie Aldridge wa ku Britain ndi Valentin Bontus wa ku Austria.

Mlendo wolembetsa maphunziro ku Paje kawirikawiri amalipira maola 9 kapena 12, ogawidwa pa masiku atatu kapena anayi. Ambiri amafika ali ndi chithunzi m'mutu cha munthu akuuluka pamwamba pa mafunde, ndipo amakhumudwa poona kuti tsiku loyamba limathera pamchenga, thabwa osalikhudza n'komwe. Mphunzitsi amayamba wam'funsa kumene mphepo ikuchokera. N'zodabwitsa kuti anthu ophunzira kwambiri, odziwa kuyendetsa makina a mitundumitundu, amalephera funso limeneli, lomwe mwana aliyense wa msodzi angayankhe ali m'tulo. Atatero amam'sonyeza zida: kaiti yeniyeniyo, imene kukula kwake kumayambira mamita 5 kufika 17 a m'bwalo, zingwe zinayi zotalika mamita opitirira pang'ono 20, ndodo yowongolera imene zingwezo zimamangidwako, ndi lamba wochindikala wa m'chiuno wokhala ndi mbedza yachitsulo. Mphamvu yonse ya kaiti imafikira pa mbedza imeneyi. Manja ntchito yake n'kuwongolera chabe, n'chifukwa chake mtsikana wochepa thupi amatha kuposa chimphona cha minofu pa masewerawa.

Phunziro lalikulu la tsikulo ndi la wotchi. Wophunzira amaima atafulatira mphepo, naganiza kuti thambo la kutsogolo kwake ndi nkhope ya wotchi yaikulu. Pamwamba penipeni pa mutu ndi 12 koloko, kumanzere pafupi ndi madzi ndi 9 koloko, kumanja ndi 3 koloko. Kaiti ikakhala m'mphepete mwa wotchiyo, mphepo imangoipitirira ndipo sikoka kwenikweni. Koma ikatsikira pakati, kutsogolo kwenikweni kwa munthu, imalandira mphepo yonse pachifuwa, ndipo pamenepo imakoka ngati ng'ombe yolusa. Luso lonse lagona pa kuilowetsa pakati pang'ono chabe, kutapako mphamvu imene ikufunika, n'kuibwezanso m'mphepete.

Aphunzitsi a sayansi angapeze pano chitsanzo chabwino cha m'kalasi. Kaiti si thumba longotunga mphepo ayi. Ndi phiko, monga la ndege, ndipo imakoka kwambiri ikamathamanga kudula mpweya kusiyana ndi pamene yaima. Komanso mphamvu ya mphepo sikula molingana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 40 pa ola imakoka kanayi kuposa ya makilomita 20 pa ola. Motero kaiti ya mamita 12 imene inali bwenzi lofatsa mmawa imasanduka chilombo masana mphepo ikakula, ndipo wodziwa amatuluka m'madzi n'kukatenga yaing'ono ya mamita 8 kapena 9. Wouma mutu, kapena waulesi wosafuna kupopanso, ndiye amakanyamulidwa n'kukamenyetsedwa ku mtengo wa kokonati. Ngozi zoopsa zambiri za masewerawa zimachitika pamtunda, pa nthawi yokweza kapena yotsitsa kaiti, kumene kuli zinthu zolimba zoti munthu awombane nazo.

Pali chinthu chimodzi chimene mphunzitsi amabwereza mpaka wophunzira kutopa nacho. Ndodo yowongolera ija ikakokedwera kuchifuwa, kaiti imawonjeza mphamvu. Ikakankhidwira kutali, mphamvu imachepa. Tsono munthu aliyense akachita mantha amakangamira chimene chili m'manja mwake, monga achitira wokwera njinga yothamanga potsetsereka. Pa kaiti kukangamira kumeneku ndiko kumaitana tsoka. Wophunzira ayenera kuphunzitsa manja ake kuchita zosemphana ndi chibadwa: zinthu zikavuta, kutaya ndodo. Zikapitirira, amakankha chomasulira chimene chili pafupi ndi mbedza, kaiti n'kugwa yopanda mphamvu itatsala pa chingwe chimodzi. Zikafika poipitsitsa amamasulanso chingwe chotsalacho, kaiti ya ndalama zambiri n'kupita ndi mphepo, iye n'kutsala ndi moyo. Makaiti oyambirira analibe njira zabwino zochepetsera mphamvu, ndipo anthu angapo anafa; zinthu zinasintha kwambiri cha m'ma 2005 pamene kunabwera makaiti otha kutaya pafupifupi mphamvu yonse munthu akangosiya ndodo. Zingwe nazo si zoseweretsa. N'zopyapyala ngati ulusi wa nsapato koma zikakungika zimacheka ngati lumo, kotero kuti pa lamba pamakhala kampeni kodulira chingwe chikakulunga dzanja kapena mwendo.

Tsiku lachiwiri wophunzira amalowa m'madzi, komabe wopanda thabwa. Amagona chamimba, kaiti n'kumam'khwekhwereza uku ndi uko, akumwa madzi a mchere osawafuna. Cholinga chake n'chakuti aphunzire kugwiritsa ntchito thupi lake ngati chiwongolero, kuti thabwa likam'pulumuka n'kutsala kumbuyo athe kulibwerera. Kumanga thabwa ku mwendo ndi chingwe n'koletsedwa ndi aphunzitsi ambiri, chifukwa chingwecho chikatamuka thabwa limabwerera ndi liwiro n'kumenya mwini wake m'mutu. Pa tsiku lachitatu ndi pamene amakhala pansi m'madzi, mapazi ali m'zomangira za thabwa, natsitsa kaiti kuchokera pa 12 koloko kupita cha pa 2 koloko kuti im'dzutse. Akatsitsa mwamantha sadzuka. Akatsitsa mwaukali amauluka kudumpha thabwa n'kugwa chafufumimba. Mawu a akulu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha amagwira ntchito pamenepa. Amene wayenda mamita 20 asanagwe amatuluka m'madzi akusimba ngati wapha mkango.

Komatu maola 12 sapanga katswiri. Munthu amayesedwa wodziimira payekha akatha kuyenda mopingasa mphepo n'kubwerera pamalo pomwe anayambira, ndipo ambiri zimawatengera milungu. Kufikira nthawi imeneyo mphepo imam'kokera kumunsi kwa gombe, iye n'kubwerera wapansi pamchenga, thabwa lili m'khwapa, anzake akum'seka. Ayeneranso kudziwa malamulo a pamsewu wa pamadzi: awiri akakumana, amene dzanja lake lamanja lili kutsogolo ndiye ali ndi njira, amene ali kumene mphepo ikuchokera amakweza kaiti yake, winayo natsitsa, kuti zingwe zisakolane, wofuna kuti am'thandize kutsitsa kaiti pagombe amadzigunda pamutu ndi chikhatho. Odziwa bwino amakonzeredwa maulendo otsata mphepo, monga kuchoka ku Paje kupita kumwera ku Jambiani pa nyengo ya kaskazi, bwato likuwatsatira pambuyo, kapena kutuluka kunja kwa mpanda wa korali kukasewera pa mafunde enieni.

Pa zonsezi wolamula nthawi si mphunzitsi kapena mwini hotela, koma mwezi. Nyanja ya mchere imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa ku Zanzibar kumapitirira mamita 3. Aswahili amatcha masiku amenewo bamvua. Madzi akaphwa pa masiku otero, thamanda la Paje limasanduka chidikha cha mchenga woyera ndi timadziwe, makaiti n'kutsitsidwa. Ndipo ndi pamenepo pamene eni ake ena a thamandalo amatulukira.

Iwo ndi amayi olima mwani, chomera cha m'madzi a mchere chonga ndere zokhuthala. Ulimi umenewu unayamba kuchitika mwamalonda mu 1989, ndipo midzi yoyamba inali Paje yomweyi ndi Jambiani, mbewu yake itachokera ku Philippines. Mayi amakhoma zikhomo mumchenga m'mizere iwiri, namanga zingwe pakati pake, ndipo pa zingwezo amamangirira tinthambi ta mwani. Pakatha milungu 6 amakolola, nasenza pamutu mitolo yonyowa kupita nayo kumtunda kukayanika padzuwa. Ku mafakitale a kunja, mwaniwo amachotsamo madzi onanda otchedwa carrageenan, amene amathiridwa mu mankhwala otsukira mano, mu ayisikirimu ndi m'zakudya zina kuti zigwirane. Ambiri mwa alimi ake ndi akazi, ndipo m'zaka zoyambirira ulimiwu unasintha mabanja: amayi amene kale sankagwira ndalama zawozawo anayamba kulipirira ana sukulu, kugula ziwiya ndi kufolera nyumba ndi malata.

Ntchitoyo ndi yowawa. Mayi amakhala m'madzi maola ambiri atawerama, dzuwa likum'tentha pamsana, mchere ukum'dya m'maso, pansi pali tinyama ta minga tonga kanungu timene timabaya kuphazi. Alendo a kaiti amatiopa tinyamati ndipo amagula nsapato za mphira. Iye amangoyenda mosamala. Atavutika chotero, kilogalamu ya mwani wouma imagulidwa pa mtengo wosafika dola imodzi. Kuwonjezera apo madzi osaya a m'thamanda ayamba kutentha kuposa kale, ndipo mtundu wa mwani wa mtengo wabwino, wotchedwa cottonii, umayera n'kuthothoka usanakhwime, kotero kuti alimi ambiri anatsala ndi mtundu wotsika mtengo wa spinosum, ena n'kusiyiratu. Katswiri wa za m'nyanja wa ku Tanzania, Dr Flower Msuya, anakhala zaka zambiri akulimbikitsa amayiwa kulima m'madzi akuya, omwe ndi ozizirirapo, ndiponso kupanga okha sopo ndi zinthu zina m'malo mogulitsa mwani wosakonza. Koma madzi akuya amafuna bwato ndi luso losambira, ndipo mwa mwambo wa pa zilumbazi ana aakazi ambiri sankaphunzitsidwa kusambira. Chotero mlendo wochokera ku dziko lopanda nyanja amafika poyenda pamwamba pa thamandalo m'masiku ochepa, pamene mayi wobadwira m'mphepete mwake sangapitirire pomwe madzi afika m'khosi.

Magulu awiriwa amasinthana malo monga mwa madzi, koma sikuti zonse zimayenda mwamtendere. Zikhomo za mwani zikabisika pansi pa madzi zimatha kuvulaza wokwera thabwa, ndipo thabwa lothamanga limatha kudula zingwe za munda umene mayi wausamala mwezi wathunthu. Madandaulo amamveka mbali zonse ziwiri. Kungoti mawu a mbali ziwirizi salemera mofanana. Kaiti yatsopano imodzi, osawerengera thabwa ndi lamba, imaposa madola 1,000, ndipo maphunziro a masiku atatu ndi madola mazana angapo, ndalama imene mlimi wa mwani angaipeze atayanika matumba osawerengeka. Zanzibar inalandira alendo oposa 700,000 m'chaka cha 2024, ndipo boma limawerengera kwambiri chuma chimenechi. Pakakhala kulimbirana malo a kutsogolo kwa hotela, n'zosavuta kudziwa amene adzasunthe.

Amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe angakane kuti masewerawa abweretsa ntchito ku Paje: za m'mahotela, za m'malo odyera, zoyendetsa magalimoto ndi mabwato, zosoka makaiti ong'ambika. Funso limene anyamata a m'mudzimo amakumana nalo ndi lakuti adzaima pati pa makwerero amenewa. Masukulu ambiri a kaiti anayambitsidwa ndi anthu ochokera ku Ulaya, amene anabwera ndi zida, ndalama ndi njira zopezera makasitomala kwawo. Mnyamata wa pamalopo amayambira pansi: kupopa makaiti, kuwongola zingwe zokolana, kukweza ndi kutsitsa, kutsuka mchenga madzulo. Alendo akapita kukadya amabwereka kaiti yakale n'kudziphunzitsa, ndipo popeza mphepo ndi madziwo anakula nazo, sipatenga nthawi kuti ayambe kudumpha kuposa amene amawatumikira.

Komabe kudumpha sikulemba munthu ntchito ya uphunzitsi. Masukulu odziwika amafuna setifiketi, kawirikawiri ya bungwe la International Kiteboarding Organization, lomwe linakhazikitsidwa mu 2001 ndipo likulu lake lili ku Cabarete m'dziko la Dominican Republic. Wofuna setifiketiyo ayenera kukhala wa zaka 18, kukhala ndi chikalata cha chithandizo choyamba, kuyamba wagwira ntchito ngati wothandizira, kenaka kuchita maphunziro olipira ndi kulemba mayeso a za nyengo, za kayendedwe ka madzi ndi za kaphunzitsidwe. Pamwamba pa izo pali chilankhulo. Mphunzitsi ayenera kufotokoza za wotchi ija momveka kwa munthu wamantha amene ali m'madzi, m'Chingerezi, ndipo amene amadziwanso Chijeremani, Chifalansa kapena Chitaliyana ndiye amasankhidwa msanga. Anyamata ambiri aluso amakanirira pamenepa, kaamba kakuti anasiya sukulu msanga pothamangira ndalama za kugombe. Amene apirira n'kupeza pepalalo amatha kuphunzitsa nalo ku Kenya, ku Egypt kapena kulikonse kumene kuli mphepo, chifukwa limadziwika m'maiko ambiri.

Chakumapeto kwa Marichi kaskazi imafooka, mitambo ya masika n'kuyamba kusonkhana kunyanja. Masukulu ambiri amachepetsa ntchito kapena kutseka kufikira mu Juni. Aphunzitsi ochokera kunja amalongedza makaiti awo n'kutsata mphepo ku maiko ena, othandizira aja nabwerera ku usodzi kapena ku maganyu a zomangamanga. M'miyezi imeneyo amayi a mwani amakhala ndi thamanda lonse okha, ngakhale kuti mvula imavutitsa kuyanika, ndiponso madzi ake opanda mchere akachuluka m'malo osaya amafooketsa mbewu.